Sayini ya Maysoon

"Mayi Maysoon, tandithandizani kumvetsa tsamba ili," anatero Haitham, yemwe anabwera kuchokera kukampani yofufuza mabuku a ndalama, uku akumukankhira pepala patebulo. "Chaka chatha makina anu osefa magazi a odwala impso mumawawerengera moyo wa zaka zisanu ndi zitatu. Chaka chino moyo wawo wafika zaka khumi ndi zisanu. Mwawamwetsa chiyani makinawa? Mundigawireko, bondo likundivuta."

Maysoon anaseka, koma atayamba kuwerenga kuseka kunamuthera pakamwa. Zaka zisanu ndi chimodzi akusunga mabuku a chipatala chimenechi mu Amman, nkhani yotereyi sinkafuna womasulira. Makina amatha mtengo chaka ndi chaka, ndipo mtengo wothawo umachotsedwa pa phindu. Ukatalikitsa zaka, chochotsacho chimachepa, phindu n'kunenepa papepala. Apa linali litanenepa ndi madinari zikwi mazana anayi.

Pansi pa tsambalo panalembedwa kuti wokonza ndi Maysoon Qasem, ndipo pambali pake panali sayini yake. Sinali yobera ayi, inali yakeyake, ya cholembera chake chobiriwira chija. Tsiku lake linali la 12 Malichi, pamene iye anali ku Maka ndi amayi ake.

"Mundipatse mpaka mawa m'mawa," anatero Maysoon.

Anakwera masitepe osadikira chikepe, n'kulowa muofesi ya a Abu Laith osagogoda. A Abu Laith anali mkulu wa zachuma, bwenzi lapamtima la malemu bambo ake. Ndiwo anamulowetsa ntchito, ndiwo anamuphunzitsa mabuku, ndipo pa ukwati wake ndiwo anakhala pampando wa bambo. Sabata yomwe Maysoon ankanyamuka ulendo wa ku Maka, iwo omwewo anamubweretsera mapepala a kampani opanda mawu, n'kumuuza kuti asayinire pansi kuti malipiro a anamwino asachedwe iye kulibe. Anasayina uku akuseka nawo, atawalonjeza kuti awabweretsera madzi opatulika a pachitsime cha Zamzam.

"Amalume, ichi n'chiyani?"

A Abu Laith anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Tseka chitseko, mwana wanga. Khala pansi."

"Ndaima bwino. Pepala ili ndinasayinira malipiro."

"Banki ikufuna kuona phindu isanatipatse ngongole yatsopano. Ikakana, eni kampani atseka wadi ziwiri. Anthu makumi asanu ndi atatu pamsewu, Maysoon. Zaka za makina ndi nkhani yongoyerekeza, ndinakuphunzitsa ndine zimenezo. Wina amati zisanu ndi zitatu, wina amati khumi ndi zisanu. Ndani anaona tsiku lomwalira la chitsulo?"

"Anamwino analiona. Makina a nambala sikisi afa katatu mwezi uno, wodwala ali pabedi. Mukalemba khumi ndi zisanu, atsopano sagulidwa mpaka ine nditamera imvi." Anaika pepalalo patsogolo pawo. "Ngati ndi zoona, bwanji simunalembe dzina lanu?"

A Abu Laith anayang'ana pawindo. "Ine ndatsala ndi miyezi isanu ndi itatu kuti ndipume. Zikapezeka pa dzina langa, ati ndi chinyengo. Zikapezeka pa dzina lako, ati mwana walakwitsa masamu. Mwana amakhululukidwa."

"Mwana amalandidwa chiphaso, amalume. Ndikalembedwa kuti ndinachita chinyengo m'mabuku, ndani adzandilembenso ntchito mumzinda uno? Kale nkhuyu zodya ana zinkapota akulu. Kwanu kuno zodya akulu zikupota ana."

"Pakamwa apo ndi pa bambo ako," anatero, akuyesa kumwetulira.

"Musawatchule."

Anatuluka m'maso muli misozi, koma sanalire. Chimene chinkamuwawa kwambiri sichinali pepala ayi. Chinali chakuti munthuyo anachita kuganiza, n'kusankha mwa antchito onse amene sangafunse funso pomusayinitsa, ndipo anapeza kuti chitsirucho ndi iyeyo.

Madzulo, pemphero la swala ya asiri litangotha, belu linalira kunyumba kwa amayi ake, komwe Maysoon ankakhala chifukwa mwamuna wake ankagwira ntchito ku Kuwait. Anali a Abu Laith, atavala suti ya pa zikondwerero, m'manja muli mbale yaikulu ya kunafa, keke yotsekemera ya tchizi, ikadali yotentha. A Umm Tareq, amayi a Maysoon, anawalandira ndi manja awiri.

"Lero dzuwa latulukira kuti? Tinkati mwatitaya. Maysoon, khofi wa amalume ako."

Maysoon anathira khofi wowawa m'kakapu, n'kupereka ndi dzanja lamanja monga mwa mwambo. A Abu Laith analandira, koma sanamwe. Anakaika patebulo pang'onopang'ono, n'kupinda manja.

"Sindimwa khofi wa m'nyumba muno mpaka pempho langa litayankhidwa."

A Umm Tareq anagwira pachifuwa. Pa zaka makumi anayi za nyumba imeneyo, palibe mlendo anatulukamo atasiya khofi wake. "Imwani, Abu Laith. Chilichonse chimene mwabwerera ndi chanu."

"Amayi, yambani mwafunsa," anatero Maysoon.

"Ndifunse chiyani? Munthu amene anatsitsa bambo ako m'manda ndi manja ake?"

"N'kanthu kakang'ono, mlamu," anatero a Abu Laith. "Mawa Maysoon auze wofufuza mabuku kuti pepala lina analemba yekha asananyamuke, ndipo tsiku lolembedwapolo ndi limene linalowa mufayilo. Mawu awiri basi. Nyumba iyi ndi yanga zakhala chinthu chimodzi kuyambira kale."

"Ndiye analemba?" anafunsa mayiwo.

A Umm Tareq anayang'ana mwana wawo, kenako mlendo, ndipo nkhope yawo inagwa. Komabe anatsamira kwa Maysoon n'kunong'ona, "Mwana wanga, khofi akuzizira. Anthu adzati chiyani?"

Maysoon anayang'ana kakapu kaja. Ankadziwa kuti akakana, nkhani ifika kwa abale onse sabata isanathe, ndipo ambiri adzanena kuti mwana wa Qasem ndi wosayamika. Ankadziwanso kuti a Abu Laith anabwera ndi mwambowo dala, chifukwa kuofesi anali atalephera. Zimenezi zinamupsetsa mtima koposa zonse, kuti afike pogwiritsa ntchito amayi ake.

Anaimirira, n'kutenga kakapuko, n'kukabweza pathireyi.

"Munandipatsa ntchito, amalume, ndipo ndidzayamika mpaka kufa. Dzina anandipatsa ndi bambo anga. Limenelo simunandibwereke."

A Abu Laith anadzuka, anamanga batani la jekete, n'kutsanzika a Umm Tareq okha. Mayiwo anawaperekeza mpaka pakhomo akupepesa, ndipo atabwerera sanalankhule ndi mwana wawo mpaka kugona. Kunafa ija inazizira osatsegulidwa.

M'mawa Maysoon anapeza Haitham atafika kale. Anatulutsa pasipoti, n'kuitsegula pa tsamba la zidindo za pabwalo la ndege, n'kuiika pambali pa pepala lija. Anafotokoza zonse osabisa, ngakhale zoti anasayina mapepala opanda mawu, podziwa kuti kupusa kumeneko nakonso kulowa mulipoti pa dzina lake.

Haitham sanachite nthabwala tsiku limenelo. Analemba kwa kanthawi, kenako anakweza mutu.

"Zimenezi zikuthandizani, ngakhale kuti ntchito pano sindikukhulupirira kuti muisunga. Mapepalawo munasayina angati?"

Maysoon anawerenga mumtima, akukumbukira mulu uja patebulo. "Makumi awiri."

"A malipiro ndawaona, alipo atatu. Ili ndi lachinayi." Haitham anakoka mpando wina n'kumulozera kuti akhale, kenako anamukankhira bokosi loyamba la mafayilo a Malichi. "Tiyeni tiyambe kufuna enawo."