Mizere pa Geti la Chipatala

"Tsekani geti, a Loko! Tsekani, akubwera!"

Wokuwayo anali kapitawo wa alonda a pachipatala, thupi lonse atalibisa kuseri kwa kanyumba ka pageti, kunja kutangotsala mutu. A Loko sanadikire kuuzidwa kawiri. Dzinali anapatsidwa chifukwa chosamva zonyengerera: iwo akatseka atseka, kaya ulire, kaya utchule amalume ako a udindo. Anakoka chitsulocho, nakoloweka loko, kenako anasuzumira kumsewu.

Dzulo lake chinthu china chinaphulika pa depoti ya mabasi. Apolisi anali asananene kuti chinali chiyani, koma tauni yonse inali itaweruza kale mlandu kuti ndi Asilamu. A Loko nawonso ananena zomwezo, mokweza ndithu, ndipo mtima wawo unali ndi popsera. Mwana wawo wamkazi, wogulitsa matikiti pa depotipo, anali gone m'wodi ya pamwamba, milomo itayera ngati phulusa. Magazi anali atatha m'chipatalamo. Iwo anapereka botolo limodzi, ndipo namwino anakana kuwachotsa lachiwiri.

M'mawa kapitawo analamula kuti aliyense wa mkanjo, wa kachipewa koyera kapena wa ndevu asalowe kufikira apolisi atabwera kudzamuona.

Tsopano anthu aja ndi awa, atadzaza msewu. Linali Lachisanu masana, ndipo ankachokera ku mzikiti. Panalibe woimba, panalibe wonyamula chikwangwani, kunkangomveka nsapato zokha. Ogulitsa zipatso pafupi ndi geti anatola madengu awo, nathawa liwiro la mtondo wadooka.

Atatsala pang'ono kufika pageti, khamulo linaima. Popanda wowalamula, anayamba kufola m'mizere, phewa kukhudza phewa, amuna kutsogolo, amayi a mipango kumbuyo. A Loko anali atatha zaka akukalipira anthu pageti pomwepo kuti aime pamzere, mpaka mawu kusasa, koma mizere yowongoka chotero anali asanaionepo. Kenako kunangoti zii.

Mkulu wina anatuluka pamzere woyamba. A Loko anamuzindikira: anali a Sipoko, wokonza njinga wa pamphambano, yemwe ankawamatira machubu uku akuwaseka kuti njinga yawo yatsala belu lokha.

"Mwaswera bwanji, a Loko?"

"Mukufuna chiyani kuno, a Sipoko?"

"Tamva pa wailesi kuti magazi atha. Tabweretsa."

"Mwabweretsa? Ali kuti?"

Mkuluyo anangopinda mkono wa mkanjo wake kufika m'chigongono. Oyandikana naye anapindanso, kenako mzere wachiwiri, wachitatu, mpaka kumapeto kwa msewu kumene maso sankatha kusiyanitsa nkhope. Mikono yokhayokha, ya achikulire ndi ya anyamata, ina ya girisi, ina ya ufa. A Loko anagwira chitsulo cha geti. Chibadwire sanaonepo chinthu chotero.

"Musapusitsidwe!" anatero kapitawo ali kuseri kuja. "Ikaola imodzi, zonse zaola. Adikire apolisi."

"Nanga enawa alowa bwanji osadikira apolisi?" anafunsa mwamuna wina wa ndevu pamzere wachiwiri mokwiya. "Ife tinalakwa kubadwa?"

A Sipoko anamukwezera dzanja kuti adekhe. "Bwana, zoola pamodzi ndi nsomba, ife ndife anthu. Mnzangayu akunena zoona, ndipo nkhani imeneyo tidzaikamba ndithu. Koma lero tisecheni ngati mukufuna, mungofulumira. Wodwala sadikira."

A Loko anayang'ana kumbuyo kwa mkuluyo. Nthawi zonse a Sipoko ankayenda ndi mwana wawo wamwamuna, chimphona cha munthu. "Kodi uja wanu ali kuti?"

"Amutenga m'mawa uno. Amakankha wilibala pa depoti, ndiponso ali ndi ndevu. Mlandu wake ndi womwewo."

"Ndiye inu n'kubwera kuno?"

"Kupolisi ndinapita, andibweza. Ndikhale pakhomo manja lende? Ndamva kuti wanu ali mkatimu."

A Loko anachita manyazi aakulu pokumbukira zomwe pakamwa pawo panatulutsa dzulo.

Nthawi yomweyo namwino anatulukira pakhonde la wodi ya pamwamba. "Bambo! Kodi palibe wachibale wina wabwera? Mtsikanayu akutisiyatu!"

"Apolisi afika pompano," anatero kapitawo. "Mukatsegula, a Loko, ntchito yatha. Ndanena."

A Loko ankamudziwa pompano wa apolisi: amafika mthunzi utatembenuka. Ankadziwanso kuti pa msinkhu wawo ntchito ina sadzaipeza. Anatulutsa kiyi, natsegula loko, ndipo anakankha geti mbali zonse ziwiri mpaka linagunda khoma.

Palibe anathamanga. A Sipoko anafika pakhomo, naima, nakweza manja m'mwamba kudikira kusechedwa. Anachita izi mozolowera, ngati munthu amene wakhala akukweza manja pa khomo lililonse m'tauniyo. Omutsatira nawonso anakweza. Apa ndiye misozi inawagonjetsa a Loko. Anaika pansi kandodo kawo kosechera anthu, nagwira manja a mkuluyo, nawatsitsa okha pang'onopang'ono.

"Pitani, achimwene. Mukakhote kumanja, chitseko chobiriwira."

"Njinga ija mubwere nayo," anatero a Sipoko akudutsa. "Belu lokha silingakufikitseni kunyumba."

Kapitawo anatuluka tsopano, atatupa ndi ukali. "Bweretsani chipewa ndi kiyi!"

A Loko anavula chipewa cha ntchito, napereka pamodzi ndi kiyi. Koma loko anamuika m'thumba la buluku.

"Ndi lokoyo!"

"Ameneyu mumutenga womaliza akalowa, bwana."

Anaima pomwepo padzuwa, mutu uli pamtunda, mizere ikudutsa umodziumodzi, mpaka mayi womaliza atalowa. Atatero anapereka loko, nakwera masitepe.

M'wodimo anapeza mwana wawo ali chigonere, koma pamwamba pa bedi panali patapachikidwa thumba lofiira, likudontha pang'onopang'ono kulowa m'mkono mwake. A Loko analiyandikira, naliyang'ana mbali zonse, kufuna kudziwa kuti magaziwo ndi a yani.

"Mukufunapo chiyani, bambo?" anafunsa namwino.

"Mwini wake."

"Sitilemba zimenezo. Timangoona ngati akugwirizana ndi a wodwala."

A Loko anakhala pansi pambali pa bedi, nagwira dzanja la mwana wawo. Linali litayamba kufunda.