Mbewu Yosafuna Mvula

Kodi mungalote mbewu imene imabereka bwino koposa m'mudzi mwathu? Si chimanga ayi, pakuti mudziwu uli pamtunda wa miyala, ndipo mtsinje wathu unauma ine ndisanabadwe.

Chaka chatha khola la azakhali linalibe chitseko, choncho mbuzi zawo zinkakadya nyemba za alamu awo. Alamuwo analumbira kuti, "Ikalowanso imodzi, mudzaipeza m'mbale!"

Mwamwayi kunabwera mabwana a bungwe lina kudzatsegulira ntchito ya ulimi wothirira. Anaima pamchenga wa mtsinje uja, nalankhula, najambulitsa. Azakhali anawomba m'manja kuposa onse.

"Mukuwombera chiyani, mlamu? Madzi ake ali kuti?" anafunsa alamu aja.

"Inu dikirani madziwo, ine ndikuyeza m'lifupi," anayankha azakhali, maso ali pa chimene mabwanawo anazika m'mbali mwa mtsinje.

Fumbi la galimoto lisanathe, khola linali litapeza chitseko, ndipo mbuzi zinapulumuka. Denga la bafa lathu ndi tebulo la amayi ogulitsa tomato zinachokeranso ku mbewu yomweyi, imene alendo amabzala okha chaka ndi chaka, ife n'kumangokolola.

Mbewuyo ndi zikwangwani za chitukuko.