Ng'ombe ya Pamwala

Paison analonjeza yekha, pamaso pa mpingo wonse ku Kandeu, kuti miyala ya maziko a tchalitchi chatsopano ichokere m'munda mwake. Polonjezapo ankaganiza za timiyala tam'mizere timene timabunthitsa makasu. Koma akulu ampingo atafika Lachiwiri, maso awo anagwera pa chimwala cha kumalire.

Pamwalapo panali ng'ombe yogoba. Anthu akalekale, Angoni asanafike kumapiri kuno, anaigoba mozama: nyanga, linunda, ndi kamwana kakuyamwa kunsi kwake. Paison ankathira mchere m'mizere yogobedwayo kuti ng'ombe zake zizinyambita, ndipo chifereni ng'ombe yake yomaliza chaka chatha, ankabwera kudzangokhala pomwepo. Mumtima ankati wogobayo nayenso ankalawirira kukatsegula khola, nayenso analirapo chiweto.

"Uwu wokha ukwanira maziko onse," anatero Aleck, woswa miyala, akuunjika nkhuni ndi matayala akutha pamwamba pake.

Paison anati, "Achimwene, bwanji moto muusonkhere mbali inayo? Kuno kuli ng'ombe."

"Ng'ombe iti, bambo Paison? Imeneyi mwaikamapo kangati?" Anthu anaseka. Mkulu wina anawonjeza kuti, "Kapenatu mumaipembedza?"

Zaka makumi atatu Paison akutumikira mumpingo, lero amunene kuti amagwadira mafano? Anafuna kunena kuti Mlengi yemweyo ndiye anabweretsa nyama kwa munthu woyamba kuti azitche mayina, ndipo wogobayo ankangothokoza m'njira imene ankaidziwa. Koma chimene walonjeza kwa Mulungu subweza.

Aleck anamumvera chisoni, nakokera nkhuni mbali ya kumadzulo, kutali ndi ng'ombe ija. Moto unayaka mpaka masana. Kenaka amayi ampingo anafika ndi ndowa za madzi ozizira, akuimba, Enelesi mkazi wa Paison ali patsogolo. Atangothira, mwala unalira ngati mfuti. Mng'alu sunasankhe mbali. Unadutsa pakhosi pa ng'ombe ija, nkhope yonse ya mwala n'kusendeka, kugwa pansi zidutswazidutswa.

"Pepani, bambo," anatero Aleck motsitsa mawu. "Moto ulibe maso."

Paison anagwada n'kuyamba kutembenuza zidutswazo. Zinali zotentha, zakuda ndi mwaye, osadziwika pamene panali nyanga kapena mwendo. Wina anamuimikira wilibala pambali. Anaikamo chimodzichimodzi ndi manja awiri, nayamba kukankha kulowera kutchalitchi, pang'onopang'ono, kuopa kuti zingagwe.