Ulendo wa Maola Makumi Awiri

"Mukanandidikira tsiku limodzi lokha, achimwene," anatero namwinoyo, ataima pakhomo pa shopu yosokeramo zovala, sutikesi idakali m'manja.

Mlongo wake wamkuluyo sanatembenuke. Bambo awo anali ataikidwa m'manda dzulo lake, ndipo iye ankapinda nsalu zimene malemuwo anasiya asanasoke, kuti azibweze kwa eni ake.

"Tinakudikira masiku atatu. Tsiku lachinayi amayi sakanapirira."

Namwinoyo anayesa kufotokoza. Kuchokera mumzinda umene ankagwirako ntchito, kutsidya kwa nyanja yamchere, ndi makilomita zikwi khumi ndi ziwiri, ulendo wa maola makumi awiri ngati zonse zayenda bwino. Koma ndege yoyamba inachedwa kunyamuka chifukwa cha nkhungu, ndipo yachiwiri inamusiya. Maliro a bambo ake anawaonera pafoni, atakhala pabenchi pabwalo la ndege, netiweki ikudukaduka, pambali pake anthu akudya mabisiketi.

"Nkhungu," anatero mlongo wake, akuseka mopanda chimwemwe. "Zaka zisanu ndi ziwiri zonsezi kunali nkhungu? Iwe umasambitsa makolo a eni kumeneko. Ako ndimawasambitsa ndine."

Mawuwo anamulasa chifukwa anali oona. Chaka chilichonse ankati abwera chaka chamawa, bambo ake n'kumayankha kuti, "Usadzipanikize, mayi, ife tilipo." Anaika sutikesi pansi n'kuyamba kupinda nawo. M'shopumo munkanunkhabe mafuta a makina ndi sopo wa bambo awo.

Akusuntha zitini za mabatani pashelefu, namwinoyo anapeza kawotchi kapatebulo, kachikale, kakugundabe.

"Ndiye kameneka katsalira kwambiri," anatero. Anakatembenuza kuti akakonze.

"Usakakhudze!"

Mlongo wake anamugwira dzanja mwamphamvu, kenako anamusiya mwamanyazi. Anakhala pampando wa bambo awo n'kupukuta nkhope ndi chikhatho.

"Sikanatsalire. Ndi nthawi ya kwanuko. Makasitomala ankawaseka kuti telala wanji wosadziwa nthawi. Iwo ankangokayang'ana n'kunena kuti, 'Panopa mwana wanga akudzuka.' Kapena, 'Panopa waweruka.' Ngakhale atadwala chonchija, foni ankandiletsa kukuimbira mpaka muvi udutse pa sikisi. Ati musiyeni agone, amatopa."

Namwinoyo anayang'ana foni yake, imene anali asanaisinthe nthawi chitsikireni ndege. Zinkafanana ndendende. Anakhala pa mulu wa nsalu zija n'kulira, kulira kumene kunamukanika pabenchi paja.

Mlongo wake anamusiya alire. Atatonthola, anamulanda kawotchiko pang'onopang'ono.

"Kamafuna kupukusa tsiku lililonse," anatero. "Manja atawafooka, ntchitoyi anandisiyira ine."

Anakapukusa kasanu, monga anamuphunzitsira bambo awo, n'kukabwezera pakati pa zitini za mabatani, kakuyang'ana kumpando.