Kalongonda wa Mizimu

Chiperoni chikatsika m'phiri la Mulanje, anthu openya amadandaula kuti sakuona kanthu. A Pilato ankangoseka. Iwo maso anawathera ndi chikuku ali mnyamata, ndiye masiku a nkhungu ankamva ngati dziko lonse labwera kudzacheza kwawo. Ankakhala pakhonde n'kumaluka malichero, akumvetsera madontho akugwa m'masamba a nthochi, fungo la mkungudza likutsika ndi mphepo.

Kwawo kumeneko kunali nyumba zitatu za malata zimene mpingo unamanga kufupi ndi Muloza, zosungiramo akuluakulu olumala amene abale awo anatopa nawo. Kunali a Rosie, opuwala miyendo koma pakamwa pali moto, amene ankaphikira onse atakhala pamphasa. Kunali Eneles, mayi wa imvi kale koma wa nzeru za kamwana, wopatsa moni ngakhale nkhuku. Ndiye panali Christobel, mtsikana wowasamalira, wogona nawo ndi kudya nawo. Eneles ankadyera mbale imodzi ndi Christobel basi, kuseri kwa khitchini, akunong'onezana zawo.

Tsiku lina kunafika lole ya chipani kudzatenga amayi okavina ku msonkhano waukulu ku Blantyre. Masiku amenewo munthu sunkafunsa kuti tibwerako liti. Christobel anavala nsalu yake yovinira, n'kumugwira Eneles paphewa, n'kukwera.

Kuyambira pamenepo Eneles analeka kudya. Sanalire, sanavute. Akamupatsa mbale ankalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza, n'kuiika pamiyendo, maso ali kumsewu mpaka ntchentche zitayamba phwando. A Rosie anamunyengerera ndi chinangwa chotentha, anamuopseza ndi jekeseni, anamutukwana m'Chilomwe, koma ayi ndithu. A Pilato sankaona nkhope yake, koma ankamva mapazi. Eneles poyenda ankagunda pansi ngati munsi, tsopano ankangokwekwereza. Mawu ake nawonso anayamba kuchepa, ndipo mkuluyo anachita mantha kwambiri kuti Christobel adzapeza manda.

Nzeru inawabwerera akusenda nsungwi. Eneles ankakonda nkhani imodzi kuposa zonse, ya chakudya cha mizimu ya m'phiri: kuti woyenda wanjala amapeza mbale yophikaphika pamwala, ndipo lamulo lake n'lakuti udye wekha, osaitana mnzako, osatengera kunyumba.

"A Rosie, tandiphikireniko kalongonda," anatero a Pilato. "Amene Eneles amamukonda uja, wa tsabola pang'ono."

"Kalongonda? Tsiku lonse ndikhale ndikutaya madzi chifukwa cha munthu wosadya?"

A Pilato anafotokoza. A Rosie anawomba m'manja. "Ha! Mwafika ponamizira mizimu, inu a mpingo? Ikabwera kudzafunsa ndinena kuti ndinu."

"Muiuze. Ikandisowetsa m'phiri, ine ndi mdima tinazolowerana."

A Rosie anang'ung'udza tsiku lonse, koma nyemba zija anaziwiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso, mpaka ululu wake wonse unatha.

M'mawa mwake nkhungu inali itaphimba mpaka pakhomo. A Pilato anavundikira mbale ndi tsamba la nthochi n'kutsata chingwe chimene Christobel anawamangira kuchokera pakhonde kukafika kumtsinje. Anaika mbale pamwala waukulu wochapirapo, n'kukabisala m'nsungwi. A Rosie anali atagwirizana nawo kuti amutume Eneles kukatunga madzi.

Anadikira. Nsungwi zinkalira pang'onopang'ono pamwamba pawo, madzi akuyankhula okha m'miyala. Chinyezi chinawakhudza kumaso ngati nsalu yonyowa, ndipo tulo tinayamba kuwanyengerera. Anamva ngati phiri likupuma pafupi, mpweya wake wozizira ukulowa ndi kutuluka. Kenako anamva mayi awo, amene anamwalira kalekale kutsidya kwa malire, akupeta mapira n'kumaimba m'mphuno. Anaona ngakhale mtundu wa mpango wawo, wofiira, chinthu chomaliza chimene maso awo anasunga. Mumtima anati mwina mizimu yabweradi kudzaona amene akuibera ntchito, ndipo sanaope.

Chimene chinawadzutsa ndi chidebe chogwa pansi. Tsamba la nthochi linalira tswaa. Kenako zii. A Pilato anagwira mpweya, akudikira kumva kutafuna. M'malo mwake anamva mapazi okwekwereza aja akubwera molunjika pamene iwo anali.

"A Pilato," anatero Eneles, "mwabisa mutu wokha. Miyendo yanu ili panjira."

Mkuluyo anachita manyazi mpaka m'makutu. Anakoka miyendo, koma zinali zitachedwa. Eneles anakhala pansi pafupi nawo, fungo la tsabola likuchokera pamiyendo pake.

"Mizimu yaphika," anatero monong'ona.

"Eya, mwayi wako umenewo. Idya wekha, achemwali. Ukudziwa lamulo, osaitana munthu."

"Yasamani."

"Iyayi, Eneles. Chimenecho n'chako. Ukandipatsa chisowa."

"Yasamani, a Pilato. Christobel amayasama."

Anafuna kukananso, koma zala zozizira zinali zitafika kale pamilomo pawo. Anayasama. Kalongonda anali wofewa, mchere utapitirira monga mwa dzanja la a Rosie.

"Mwameza?"

"Ndameza."

Pamenepo anamva chimene anakhala akuchidikira masiku onsewa: Eneles akutafuna, pang'onopang'ono, n'kumeza. Iwo anakhala duu kuopa kumudodometsa.

"Christobel sadya ndikapanda kumudyetsa," Eneles anafotokoza, pakamwa pali podzaza. "Ndi mwana uja. Amayamba iye, kenako ine. Kenako iye, kenako ine. Ndiye ndikanadya bwanji ndisanadyetse munthu?"

Zaka zonsezi a Pilato ankamva kunong'ona kuseri kwa khitchini n'kumaganiza kuti Christobel ndiye akudyetsa Eneles. A Rosie mwina ankaona, koma ankayesa masewera. Masiku onsewa aliyense ankamukankhira mbale, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamuyasamira.

"Nanga ku Blantyre akumudyetsa ndani?" Eneles anafunsa.

"Aliko amayi ambiri kumeneko. Koma sadziwa kudyetsa ngati iwe. Abwera ali ndi njala, ndiye akupeze uli ndi mphamvu."

Eneles anaganiza kaye, n'kuvomera ndi kam'mero. Kenako dzanja lake linayenda pankhope ya a Pilato, monga iwo ankachitira pofuna kudziwa munthu, n'kuima pa tsaya.

"Inunso mwaonda. Kodi amakudyetsani ndani inuyo?"

Funso limenelo palibe anawafunsapo chimwalirire mayi awo. Anayesa kuseka, koma misozi inatsika m'maso amene anthu ankati ndi akufa. Kumtunda a Rosie anali akukuwa kufunsa za madzi awo, mawu awo akusochera m'nkhungu.

"Musalire, chilipo chambiri," anatero Eneles, akuwapukuta ndi nsonga ya chitenje. "Yasamani."

A Pilato anayasama.