Rauta ya Kuseri kwa Galaja

Kanyali ka pa rauta ya Tusekele kanaphethiranso kofiira, ndipo foni inabwereza nyimbo yake yomwe ija: pasiwedi yolakwika.

Anali atagwada pa simenti yozizira m'galaja ya bambo ake, a Lucious, amene anamwalira kumayambiriro kwa sabata. Banja linagwirizana zoika maliro konkuno ku Indianapolis, ku America, choncho mapemphero a masanawo, ochitikira m'galajamo, ndiwo anali mwayi wokhawo woti abale a ku Ntcheu atsanzikane nawo pa vidiyo. Azakhali anali atasonkhanitsa kale mudzi pa foni imodzi. Tsoka lake, mafoni a pakhomopo ankataya intaneti munthu akangolowa m'galajamo, n'chifukwa chake Tusekele ananyamula rauta yake kuchokera ku South Bend, kumene ankakhala, kuti ikoke intaneti ya m'nyumba.

"Ingoriseta rauta yaikulu ya m'nyumbayo, mwana iwe," anatero amalume ake, a Bizwick, amene uphungu sunkawathera. "Ukadina kabatani kakumbuyo tiyamba zonse mwatsopano."

"Palibe woriseta kanthu muno," anayankha mayi ake, a Magdalene, ali pakhomo la khitchini. "Mwini wake sanalowe m'manda, inu mwayamba kale kufufuta zimene anakonza?"

"Achemwali, kameneka ndi kamakina chabe."

"Ndi kake."

Nkhani inathera pomwepo. Tusekele anali ndi mantha kuti azakhali adikira pachabe, koma mumtima mwake munalinso kanyerenyesi kena kamene anatengera kwa malemuwo, kofuna kudziwa chifukwa chake chinthu chakana. Pasiwedi anaikopera pa foni ya mayi ake, ndipo pabalaza inkagwira bwinobwino. Nanga inkasanduka bwanji yabodza m'galaja?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anatsegula tsamba loonetsa manetiweki onse apafupi, ndipo pamenepo anatukula nsidze. Dzina loti "Kwathu", limene bambo ake anapatsa netiweki ya m'nyumba, linaoneka pawiri. Imodzi inali yofooka, inayo yamphamvu ngati ili pamutu pake penipeni. Rauta yake inkathamangira yamphamvuyo, n'kumagogoda pakhomo la eni ndi kiyi wa kwina.

"Amayi, kodi adadi anali ndi rauta ina?"

"Ina ya chiyani? Ija imodziyo ankachita nayo nkhondo sabata iliyonse."

Tusekele anaimirira n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, foni ili m'mwamba, maso ali pa timizere ta mphamvu. A Bizwick, amene ankati n'kutaya nthawi, ndiwo anali oyamba kumulondola. Kumbuyo kwa zitini za penti anapeza chingwe cha buluu chochokera m'nyumba, chitakhomereredwa mwaukhondo m'mbali mwa khoma mpaka kutulukira pa kabowo. Onse atatu anazungulira kuseri, akuponda chipale chofewa chosungunuka.

Pansi pa denga panali chikontena cha ayisikirimu chomangidwa ndi waya. M'kati mwake munali rauta yakale, tinyanga take titaloza kutsidya kwa mpanda, pa windo la a Ida.

A Ida anali mayi wachikulire wa ku America, wokhala yekha, ndipo iwo ndi a Magdalene sankalankhulana chiyambire mkangano wa masamba a mtengo ogwera m'bwalo la mnzake. Chidani chake chinali chaulemu, chongoweyulirana dzanja patali.

Chitseko cha kutsidyako chinatseguka, ndipo a Ida anatuluka ndi ndodo yawo, ali ndi manyazi poona anthu atazinga chikontenacho.

"Mwabwera kudzachotsa?" anafunsa m'Chingerezi. "Palibe vuto. Ndimangolankhulirapo ndi mwana wanga wa kuusilikali. Amuna anu anandiuza kuti ndi yotsala chabe, imangotayikira kuno yokha. Ankati kwanu mango akagwera kuseri kwa mpanda amakhala a wotola."

Tusekele anayang'ana chingwe chija, misomali yake yotalikirana mofanana, bowo lobooledwa dala, ndipo misozi imene inamukanika kuchipatala inabwera yokha. Intaneti siitayika ndi chingwe. Anazindikiranso kuti akanadina kabatani kaja, intaneti ya a Ida ikanakhoza kuzima limodzi ndi zonse.

"Tingabwerekeko pasiwedi yanu?" anawafunsa.

A Ida anaitchula pamtima. Tusekele anailemba mu foni yake, ndipo nthawi yomweyo inalowa. Posakhalitsa nkhope ya azakhali inadzaza galasi la foniyo, kumbuyo kwawo kukumveka nyimbo ya maliro. A Bizwick anatenga foniyo n'kulowa nayo m'galaja, osatchulanso za kabatani.

A Magdalene anatsalira kuseriko. "Ankati akukonza denga," anatero motsitsa mawu. "Sabata yonse, denga losadontha."

Chivindikiro cha chikontenacho chinali chitapendekeka ndi mphepo. Anatambasula dzanja n'kuchikankhira m'malo mwake, anapukuta madzi ndi nsonga ya chitenje, kenako anapotokola waya uja kuti ulimbe. Atatero anatembenukira kumpanda.

"Tusekele, auze kuti mpando wawo ulipo. Azungulire kugeti, usawasiye aterereke."