Thiransifoma Yopanda Dzina

Loweruka lina, mu 1993, komboni ya Tembisa inadzuka ili ndi maliro. Mwana wa Mayi Dlamini, eni nyumba omwe a Japhet ankakhala kuseri kwawo, anabayidwa m'sitima, ndipo aliyense ankaloza chala ku hositelo, nyumba zogonamo amuna apantchito ochokera kutali.

A Japhet, a ku Mulanje koma okhala m'dziko la eni, anali okonza mawailesi. Sabata yathayo anali atakonza ampulifaya yakale ya tchalitchi, ya mavalavu, mababu agalasi okuzira mawu. Tsono m'mawa umenewo, abusa atangoiyatsa m'tenti ya maliro, inafuka utsi nkuti zii.

Anaibweretsa kwa a Japhet ndi Mandla, mtsogoleri wa amuna a mumsewumo, ali ndi anzake awiri. Anaiponya pa tebulo nkulankhula m'Chizulu.

"Mlendo iwe, unaikonza ndiwe. Wakutuma ndani kuti Mayi Dlamini asamveke lero?"

 A Japhet anatsegula kumbuyo kwa ampulifaya, fungo la vanishi wopserera linawafwenkha m'mphuno. Thiransifoma yotumiza mawu ku sipika inali itapsa.

"Ndipatseni ola limodzi, bambo."

"Theka la ola," anatero Mandla, nakhala pakhomo.

Akazi a Japhet, a Ida, ananong'ona m'Chichewa: "Bambo, anyamata kunjaku ali ndi zikwanje, akufuna kukabwezera ku hositelo. Mayi Dlamini akufuna kuwaletsa, koma ndi mawu awo otsika aja amva ndani?"

Pansi pa bedi panali katoni ya mathiransifoma atatu omwe a Japhet anatola pa zitsulo zotayidwa ku mafakitale a ku Wadeville. Onse adzimbiri, opanda dzina kapena nambala. Kuika yolakwika kunali kupsereza mavalavu, ndipo ena analibe.

Yoyamba anaiyeza ndi mita yoyezera magetsi nkuikankhira pambali. Inalibe waya wapakati, chonsecho mavalavu anali awiri ogwira ntchito molandizana. Yachiwiri anailowetsa mavoliti sikisi ku mawaya a sipika, nayeza otuluka mbali inayo. Singano ya mita inaima pa 90. Analemba ndi pensulo pa pepala la paketi ya shuga: kugawa ndi sikisi, yankho kulichulukitsa ndi lomwelo, kenako ndi ma omu eyiti a sipika. Zinakwana 1,800. Mavalavuwo ankafuna thiransifoma ya ma omu cha m'ma 5,000.

"Ukulembera ndani?" Mandla analanda pepala.

"Ndi masamu chabe. Iyi ndikaika, mavalavu afiira ngati makala amayi asanathe moni."

Kunja nyimbo inali itasintha. Sinalinso yachisoni, mapazi ankaponda pansi pamodzi, malata a denga nkumanthunthumira.

Yachitatu inali yolemera, mawaya ake ofupika ngati anadula ndi mano. A Japhet analumikiza, thukuta likudonthera pa mita. Singano inakwera, inadutsa 100, nkukaima pa 150. Sanafunenso pensulo.

"Ndi imeneyi. Ida, gwirani apa."

Mabowo a zomangira sankagwirizana, choncho anaimanga ndi waya wa mpanda. Anawotcherera mawaya asanu, nalumikiza sipika, nayatsa. Mavalavu anayamba kuwala pang'onopang'ono. Mwadzidzidzi sipika inalira mokuwa, mpaka mnzake wa Mandla anapisa dzanja m'jekete.

"Dikirani! Ndasemphanitsa mawaya awiri!"

Anazimitsa, nasinthanitsa, chala chikupsa ndi chitsulo chamoto osamva nkomwe. Atayatsanso panangomveka kamng'ung'udzo. Anagogoda maikolofoni: gu, gu.

Mandla sanathokoze. Ananyamula yekha ampulifaya, a Japhet akutsatira ndi sipika paphewa.

Mayi Dlamini analankhula pa maikolofoni atakhala pa matiresi m'tenti, mawu awo akufika mpaka kumapeto kwa msewu. Anati mwana wawo aikidwe ndi anthu a manja oyera, ndipo wofuna magazi asadye pakhomo pawo. Gulu lina linachokabe kulowera ku hositelo, koma ambiri anakwera mabasi a kumanda.

A Japhet sanapite. Anakhala m'tenti pambali pa ampulifaya, akukhudzakhudza thiransifoma kuti amve ngati ikutentha, mpaka a Ida anabwera ndi madzi ozizira oti aviikemo chala.